Wophonya udotolo pa Fomu 4 akadali ndi njira, koma ndi yaminga

Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la National Council for Higher Education, NCHE mwachidule, likatulutsa mayina a ophunzira amene asankhidwa kupita kusukulu za ukachenjede za boma, pamakhala kagulu ka ana kamene anthu sakaona. Awa ndi anyamata ndi atsikana amene mayina awo atuluka ndithu, kwawo nthungululu zalira, koma iwo mtima uli pena. Pafomu adalemba udotolo pamalo oyamba, koma apatsidwa malo okaphunzira za tizilombo toyambitsa matenda ku Ndata m'boma la Thyolo, kapena digiri ya sayansi ku Zomba, kapenanso ku Mzuzu. Mapointsi awo adali abwino, kungoti anzawo adawaposa pang'ono pomwe malo a udotolo ndi owerengeka.

Ena mwa iwo amanyamula chikwama ali ndi lingaliro limodzi, loti akakangofika kumeneko akayambe kufunafuna khomo lolowera ku Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri amangoitchula kuti Kuhes. Lingaliroli si loipa ndipo alipo amene lidawathekera. Komabe likukhudza zaka za moyo wa mwanayo, ndalama za banja lake, ngongole ya boma komanso malo a kuyunivesite amene mwana wina akadakhalapo.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Wophunzirayo ayenera kudziwa chochita pa zaka zimene ali kuyunivesite ya sayansi kuti tsiku lopempha malo lidzamupeze wokonzeka. Nalo dziko liyenera kusankha ngati likufuna kuti njira imeneyi ikhale msewu wodziwika kwa aliyense, kapena ikhalebe kanjira kodutsa okhawo amene ali ndi wowanong'oneza.

Kanjira kalero kadali msewu waukulu

Madotolo oyambirira a dziko lino sadalowe m'kalasi ya udotolo akungochoka kusekondale. Dr Daniel Malekebu, amene adadzatsegulanso mishoni ya PIM ku Chiradzulu mu 1926, adamaliza udotolo ku Meharry Medical College m'dziko la America mu 1917 atayamba waphunzira m'sukulu zina za komweko. Dr Hastings Kamuzu Banda adadzera ku Indiana University, n'kukatenga digiri ku University of Chicago mu 1931, kenaka n'kumaliza udotolo ku Meharry mu 1937. Ku America mpaka lero munthu amayamba watenga digiri yoyamba, momwe amaphunziramo Bayoloje, Kemisitire ndi Fizikisi, n'kulemba mayeso otchedwa MCAT asadapemphe malo kusukulu ya udotolo.

Kuno kwathu sukulu ya udotolo ya College of Medicine idatsegulidwa mu 1991 mumzinda wa Blantyre pansi pa University of Malawi. Isadatsegulidwe, boma linkatumiza ophunzira ku Britain, Australia ndi South Africa, ndipo gulu loyamba limene lidabwerera kudzamalizira maphunziro kuno lidalandira madigiri mu 1992. M'zaka zoyambirirazo olowa udotolo ankachokera ku Chancellor College atachitako zaka ziwiri za digiri ya sayansi, kapena kusukulu zophunzitsa A-Level monga Kamuzu Academy. Chaka chokonzekera, chija ophunzira amachitcha premed, chidabwera pambuyo pofuna kutsegulira khomo ana ochokera ku Fomu 4 mwachindunji. Choncho njira imene lero ikuoneka ngati yakumbali ndiyo idali yodziwika poyamba.

Chimene chasintha kwambiri ndi kamangidwe ka sukulu zathu za ukachenjede. Malawi University of Science and Technology, kapena kuti Must, idakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 2012 ndipo idalandira ophunzira oyamba mu 2014. Mu 2021 University of Malawi idagawidwa patatu. College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana n'kukhala Kuhes, Polytechnic idasanduka Mubas, ndipo Chancellor College idatsala ndi dzina la Unima.

Kugawikaku kudabweretsa zabwino zake, koma kwa mwana wofuna kuwoloka kudatalikitsa tsidya. Kale wophunzira wochoka ku Zomba kupita ku Blantyre ankangosamuka m'nyumba imodzi yokhala ndi malamulo amodzi. Lero akuchoka kuyunivesite ina kupita ku inzake, iliyonse ili ndi lamulo lake, khonsolo yake, kalendala yake ndi kawerengedwe kake ka magiredi. Semesita ikhoza kukhala pakati ku Ndata pomwe ku Blantyre akutseka kulandira makalata opempha malo.

Kuwerenga zaka ndi makwacha

Mwana wosankhidwa akungochoka ku Fomu 4 amachita chaka chimodzi chokonzekera, zaka 5 za digiri ya udotolo ya MBBS, kenaka miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala asadalembetsedwe mokwanira ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Zonse pamodzi ndi zaka 7 ndi theka, ngati sadabwereze kalasi ndipo sukulu sidatsekedwe panjira.

Wodzera kuyunivesite ya sayansi akamaliza digiri ya zaka 4, n'kulowa chaka choyamba cha MBBS, amafunika zaka 10 ndi theka. Amene adalowa kuyunivesite ali ndi zaka 19 adzayamba kudziimira monga dotolo atayandikira zaka 30. Ngati akufuna ukadaulo wa maopaleshoni, matenda a ana kapena a amayi, pali zaka zinanso 4 kapena kuposerapo. Pa nthawi yonseyo anzake amene adamaliza nawo digiri yoyamba amakhala ali pantchito, ena akulipirira abale awo fizi.

Kubanja la mlimi wa tiyi wa ku Thyolo kapena wa fodya wa ku Dowa, zaka zowonjezerazo zili ndi mtengo wake. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya chakudya, nyumba zogona ophunzira, mabuku ndi ma laputopu idakwera motsatira. Ngongole ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene lidayamba ntchito mu 2015, si mphatso. Wotenga ngongoleyo pa digiri yoyamba amayenera kudzabweza. Kuonjezera apo, m'sukulu za ukachenjede za boma olowera pakhomo la ophunzira akuluakulu kawirikawiri amalipira fizi yokwera kuposa osankhidwa ndi NCHE.

Walira mvula walira matope. Wofuna kuwoloka ayenera kukhala pansi ndi makolo kapena omulera akadali m'chaka choyamba kapena chachiwiri, n'kuwerengera limodzi. Banja limene lidagulitsa ng'ombe likuyembekeza kuti pakatha zaka 4 mwana ayamba kuthandiza, lili ndi ufulu wodziwiratu kuti mwanayo akulingalira zaka zina 6 ndi theka. Kubisa zimenezi mpaka tsiku la chikondwerero cha digiri n'kuwalakwira.

Magiredi a chaka choyamba amakutsata

Msampha woyamba wa wophunzira wotere uli mumtima mwake momwe. Poti akuona ngati pamene alipo akungodutsa, amayamba kuwerenga mwachizolowezi, kujomba kulabotale ndi kulemba ntchito zongoti akhoze. Amaiwala kuti pa tsiku lopempha malo, chimene chidzamuyankhulire ndi chikalata cha magiredi a kuyunivesite yomweyo imene ankainyoza. Mapointsi a Fomu 4 adagwira kale ntchito yake. Oweruza adzayang'ana Bayoloje ndi Kemisitire wa chaka choyamba ndi chachiwiri, ndipo mayeso achibwereza, aja ophunzira amati sapu, amasiya chipsera pachikalatacho. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Wothamangira udotolo n'kutaya digiri imene ili m'manja akhoza kutsala wopanda zonse ziwiri.

Chachiwiri ndi kasankhidwe ka maphunziro. Sukulu za udotolo kulikonse zimafuna maziko olimba a Bayoloje ndi Kemisitire, pamodzi ndi Masamu kapena Fizikisi. Wophunzira za migodi kapena za nyengo akhoza kukhala wanzeru zedi, koma ngati chikalata chake chilibe maphunziro amenewa pamlingo wofunika, khomo silimutsegukira. Pamene pali ufulu wosankha phunziro lowonjezera, asankhe akuyang'ana kumene akufuna kukafika.

Chachitatu, zofunika polowa zimalengezedwa ndi sukuluyo payokha ndipo zimatha kusintha. Zimene adachita msuweni wako zaka 10 zapitazo si lamulo la chaka chino. Wophunzira azitsatira yekha zilengezo za Kuhes chaka ndi chaka, ngakhale nthawi yake isadakwane, azisunga, ndipo pomwe sakumvetsa alembere ofesi yoona zolembetsa ophunzira kuti yankho likhale lolembedwa. Safunsa adadya phula, ndipo mphekesera za m'magulu a WhatsApp zasocheretsa ambiri. Aliyense womuuza kuti malo angagulidwe ndi ndalama akufuna kumubera, ndipo akumukokera kumlandu wa katangale.

Zimene za m'kalasi zimachita m'wodi

Ophunzira ena amadandaula kuti zaka za kuyunivesite ya sayansi n'zotayika chifukwa sakugwira wodwala. Mbiri ya zachipatala ya dziko lino ikutsutsa dandaulo limeneli.

Taonani za malungo. Mu 1993 Malawi idakhala dziko loyamba mu Africa kusiya mankhwala a chloroquine n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, uja anthu ankamutcha Fansidar, chifukwa kachirombo ka malungo kadasiya kumva mankhwala akalewo. Mu 2007 SP nayenso adalowedwa m'malo ndi LA. Patapita zaka chloroquine atachotsedwa, akafukufuku a ku Blantyre adapeza kuti tizirombo tomva mankhwalawo tabwereranso. Wophunzira amene adamvetsa bwino phunziro la chibadwa cha zamoyo ndi mmene zimasinthira, nkhani yonseyi amaiona ngati chinthu chimodzi chomveka. Amene adangoloweza amaona mayina atatu a mankhwala basi.

Masamu nawo ali pabedi la wodwala. Mwana wodwala malungo aakulu amabayidwa artesunate molingana ndi kulemera kwake: mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ngati sakufika makilogalamu 20, ndi mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu ngati wafika kapena kuposa pamenepo. Mankhwalawo amabwera ngati ufa wofunika kusungunula, ndipo wopereka ayenera kuwerengera mamililita oti akoke mu jekeseni. Kuphonya kadontho kamodzi pa nambala, usiku wa 2 koloko magetsi atathima, kukhoza kupha mwana.

Mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700, ndipo udali woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Chida chachikulu cholimbana ndi kolera ndi madzi a mchere ndi shuga, aja timawadziwa ndi dzina loti Thanzi ORS. Amagwira ntchito chifukwa m'matumbo shuga ndi mchere zimalowa m'thupi zitagwirana, ndipo madzi amatsatira mcherewo, ngakhale poizoni wa kolera akukhetsa madzi mbali inayo. Zimenezi zimaphunzitsidwa m'kalasi ya kagwiridwe ntchito ka maselo, kalasi imene wophunzira wa sayansi amakhalamo asadaone ndi wodi yomwe.

Ngakhale Fizikisi ndi uinjiniya zili ndi umboni wake. Makina a Pumani, othandiza kupuma ana obadwa masiku asadakwane, adapangidwa mogwirizana pakati pa akatswiri a Rice University ya ku America ndi madotolo a pa Queen Elizabeth Central Hospital. Oyambirira ake adagwiritsa ntchito timapampu ta m'mathanki oweteramo nsomba za m'nyumba, ndipo mphamvu ya mpweya wolowa mwa mwana imayezedwa ndi kuya kwa paipi m'botolo la madzi. Pachipatala chomwecho, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakonza muyeso wa Blantyre Coma Score, wa manambala 0 mpaka 5, umene madotolo a m'mayiko ambiri amayezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a muubongo. Muyesowo udachokera m'kuyang'anitsitsa, kulemba ndi kuwerengera mosamala, maluso omwe aja amene ntchito ya kafukufuku ya chaka chomaliza imaphunzitsa.

Apa ndiye pali mwayi wa wodzera njira yaitaliyi. Akadzalowa MBBS adzakhala atagwirapo kale makina oonera tizilombo, atalembapo lipoti la kafukufuku ndiponso atadziwa kufunsa ngati nambala imene wapatsidwa ili yoona. Mabungwe monga Malawi Liverpool Wellcome Programme ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe amafuna madotolo odziwanso kafukufuku. Koma mwayiwo ndi wa yekhayo amene adaphunziradi, osati wongodikira belu.

Kuona chipatala ndi maso ako

Ana ambiri amafuna udotolo asadaone ntchitoyo. Amadziwa chovala choyera ndi ulemu wa kumudzi, koma sadakhalepo m'wodi ya ana m'nyengo ya mvula pomwe bedi limodzi ligona awiri kapena atatu, ndipo sadamvepo kulira kwa mayi amene wauzidwa kuti mwana watisiya. Zaka za digiri yoyamba zimapereka mpata woti munthu adziyese asadaponyemo zaka zina zambiri.

Wophunzira wa ku Ndata ali pafupi ndi chipatala cha boma cha Thyolo ndi cha mishoni cha Malamulo. Wa ku Zomba ali ndi Zomba Central Hospital ndi chipatala cha matenda a maganizo, pomwe wa ku Mzuzu ali ndi Mzuzu Central Hospital. Pa tchuthi pafupifupi aliyense ali ndi chipatala chaching'ono kwawo. Njira yoyenera ndi kulemba kalata kwa akuluakulu a chipatala, yoperekezedwa ndi kalata ya kusukulu, kupempha kudzipereka kapena kuonerera. Kuyenda ndi alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo ya ana, kuthandiza pa ntchito yotolera magazi ya Malawi Blood Transfusion Service kapena kuphunzira chithandizo choyamba ku Red Cross kumaphunzitsa zambiri zimene buku silinena.

Pali malire amene sayenera kudumphidwa. Wophunzira wa sayansi sali dotolo ngakhale pang'ono. Sayenera kubaya jekeseni, kusoka bala, kulemba mankhwala kapena kulola kuti odwala azimutcha adokotala, ngakhale ogwira ntchito atachepa bwanji. Lamulo la dziko lino limafuna kuti wochiza anthu akhale wolembetsedwa, ndipo wodwala wosauka wa kumudzi ali ndi ufulu wofanana ndi wa mtauni wodziwa amene akumugwira. Kujambula odwala n'kuika pa Facebook kapena TikTok ndi kuswa chinsinsi chawo. Wochita zimenezi wasonyeza kale kuti ntchitoyi siyomuyenera.

Chilankhulo nacho n'chofunika kukonzekera. Maphunziro onse ali m'Chingerezi, koma wodwala amafotokoza ululu wake m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena kapena m'Chilhomwe. Ophunzira udotolo amakhalako ku Mangochi pophunzira zaumoyo wa m'madera, ndipo akamaliza akhoza kutumizidwa ku Chitipa kapena ku Nsanje. Gogo akanena kuti mtima ukuwawa, mwina akuloza pachifuwa, mwina pamimba, mwinanso akunena za nkhawa imene ili pakhomo pake. Kuyunivesite kumasonkhana ana a zigawo zonse. Wanzeru amaphunzira kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi mmene amalonjerera akulu kwawo ndi mmene amatchulira ziwalo za thupi mwaulemu. Ayesenso kufotokozera agogo ake za kuthamanga kwa magazi popanda liwu la Chingerezi. Akakanika, ndiye kuti naye sadamvetse.

Khomo la kunja ndi misampha yake

Malo akasowa kuno, mabanja ena amayang'ana ku Zambia, Tanzania, China, Russia ndi mayiko ena. Alipo madotolo abwino amene adaphunzira kumeneko. Koma asadalipire kalikonse kwa munthu wodzitcha mkhalapakati, makolo afunse ku Medical Council of Malawi ngati digiri ya sukuluyo ili yovomerezeka ndi zimene mwana adzafunike kuchita pobwera kuti alembetsedwe. Awerengerenso kuti fizi ya kunja imalipidwa m'ndalama zakunja, zimene m'mabanki mwathu zakhala zikusowa kwa zaka zingapo tsopano. Fizi imene idali yotheka mu Okutobala 2023 idasanduka phiri mwezi wotsatira kwacha atagwa. Nkhondo imene idabuka ku Ukraine mu Febuluwale 2022 idabalalitsa ophunzira udotolo ambiri a mu Africa ali pakati pa maphunziro, ena n'kuvutika kupeza ngakhale zikalata za magiredi awo.

Mbali ya boma ndi mayunivesite

Si zonse zimene wophunzira angakonze yekha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati dziko limafunika madotolo, anamwino ndi azamba osachepera 4.45 pa anthu 1,000 aliwonse kuti lifikire anthu onse ndi chithandizo, ndipo Malawi ili kutali ndi chiwerengerochi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo akuchulukirabe. Dziko lotere silingakwanitse kuweruza kamodzi kokha, pa mayeso a Fomu 4, kuti ndani angakhale dotolo. Mwana wa kusekondale yoyendera ya m'mudzi, amene adakhoza Kemisitire asadagwirepo botolo la mulabotale, mwina adaphonya ndi mapointsi awiri chifukwa cha sukulu imene adaphunzirako. Zaka ziwiri kapena zinayi za kuyunivesite, pomwe onse ali ndi labotale imodzi ndi mphunzitsi mmodzi, zimaonetsa bwino luso lake lenileni. Njira yosankhira ana potengera maboma itathetsedwa mu 2020, khomo lachiwirili ndi limodzi mwa zinthu zimene zingachepetse kusiyana pakati pa ana a sukulu zolemera ndi zosauka popanda kufunsa kumene munthu amachokera.

Mayiko ena adaikonza njirayi poyera. Ku University of Zambia ofuna udotolo akhala akuyambira kusukulu ya sayansi, n'kupikisana ndi magiredi a komweko kuti apeze malo. University of the Witwatersrand ku Johannesburg imalandira okhala ndi digiri kale m'chaka chachitatu cha udotolo akakhoza mayeso olowera, kotero amatsala ndi zaka 4. Ku Britain maphunziro a udotolo a zaka 4 a anthu okhala ndi digiri adayamba mu 2000. Kuno kwathu NCHE, Kuhes ndi mayunivesite a sayansi atha kugwirizana pa zinthu zosafuna nyumba yatsopano: kulengeza chiwerengero cha malo osungidwira omaliza digiri, kulemba mndandanda wa maphunziro ofunika kuti mwana audziwe ali m'chaka choyamba, ndi kuunika ngati phunziro limene munthu adakhoza kale ku Must kapena ku Unima liyenera kubwerezedwa. Chaka chimodzi chopulumutsidwa ndi fizi ya chaka chathunthu kubanja, komanso dotolo wofika msanga kuchipatala cha boma.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Malo a ku Must amalipiridwa ndi msonkho wa anthu kuti dziko lipeze akatswiri a mulabotale, okonza makina a m'chipatala ndi akafukufuku, anthu amene masomphenya a Malawi 2063 akuwadalira. Ngati okhoza bwino onse azithawira ku udotolo, yunivesite ya sayansi isanduka khonde la sukulu ina, ndipo boma lidzalipirira munthu mmodzi kawiri pomwe ana zikwizikwi okhoza Fomu 4 akusowa malo. N'chifukwa chake khomoli liyenera kukhala ndi malire odziwika, ndipo likomere amene amaliza digiri yawo kusiyana ndi oisiya panjira n'kusiya mpando wopanda munthu.

Komanso kuchulukitsa olowa sikuthetsa vuto pakokha. Dotolo amaphunzitsidwa pambali pa bedi, ndipo chiwerengero cha ophunzira chimadalira mabedi ndi akadaulo owaphunzitsa pa Queen Elizabeth, Kamuzu Central ndi zipatala zina. M'zaka zapitazi taonapo madotolo achinyamata akudikira miyezi kuti aitanidwe kukayamba ntchito yoyang'aniridwa kapena kulembedwa ndi boma, ena mpaka kupita kunja. Mayiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, lonjezo limene dziko lino lakhala likulephera kulifikira m'zaka zambiri. Boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, ntchito zambiri za m'mapulojekiti a zaumoyo zidagwedezeka. Wophunzira adziwe kuti ngakhale tsidya linalo kuli minga yake.

Khomo likapanda kutseguka

Chilungamo chake n'chakuti ambiri ofuna kuwoloka sadzapeza malo, ngakhale atachita zonse bwino. Pamenepo m'pomwe padzaoneke kusiyana pakati pa amene adalemekeza digiri yake ndi amene adaiona ngati pobisalira mvula. Woyambayo ali ndi ntchito m'manja. Dotolo sangadziwe ngati chifuwa chachikulu cha wodwala chikumva mankhwala popanda wa mulabotale, ndipo makina a okosijeni akafa usiku, wopulumutsa ana a m'wodi ndi injiniya. Katemera wa malungo amene adayamba kuperekedwa kuno mu 2019, ndi wa taifodi amene adayesedwa ku Blantyre asadafalitsidwe dziko lonse mu 2023, adadutsa m'manja mwa anthu ambiri amene sadavalepo chopimira pakhosi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa mwana amene dzina lake latuluka pa pulogalamu imene sadailote, ntchito yoyamba ndi yaing'ono ndipo ili pafupi. Akafike pa tsiku lotsegulira, akakhale kutsogolo m'kalasi ya Kemisitire, ndipo lipoti loyamba la mulabotale akalilembe podziwa kuti giredi yake idzawerengedwa ndi anthu amene sadamuonepo, kaya ndi osankha ophunzira udotolo kapena olemba ntchito. Tchuthi choyamba chikafika, akawauze makolo zaka zenizeni zimene akulingalira, kenaka atenge kalata ya kusukulu n'kukagogoda pachipatala cha kwawo.